Dzuwa lilowe, apongozi asaonane

Anganga anagwa Lachiwiri cha m'ma 9 koloko m'mawa, panja dzuwa lili nganganga. Amayi atandiimbira foni, chimene chinandipweteka kwambiri chinali nthawiyo. Akanagwa usiku ndikanati mdima ndi wa tonse. Koma anagwa kutacha, m'chipinda chawo chomwe, atapunthwa pa beseni lomwe analiika okha pansi dzulo lake. Mkono wamanzere unathyoka chapafupi ndi dzanja, ndipo anakhala ndi chikhakha milungu 6.

Kwathu ndi ku Thuchila. Mukamachokera ku Limbe pa msewu wa Midima kulowera ku Mulanje, phiri lija likayamba kukula patsogolo panu, ndiye kuti mwayandikira. Ine ndimakhala ku Blantyre, komwe ndimalembera makampani tinkhani ta pa intaneti, ndipo kumudzi ndimapita kamodzi pamwezi ndalama ikalola. Nditafika Loweruka lake ndinalowa m'chipinda cha angangawo masana, n'kuyamba kufufuza foni m'thumba kuti ndiyatse tochi. Maso anga ndi abwinobwino, zaka zanga sizinafike 30, koma bedi ndinalipeza ndi bondo. Nanga gogo wa ng'ala m'maso onse awiri?

Kuti mumvetse chomwe chipindacho chinadera chotero, ndiyambe ndi namondwe wa Freddy. M'mwezi wa March 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ife tinapulumuka tonse, koma kanyumba ka zidina ka anganga kananyowa kuyambira pansi mpaka kanakhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Panalibe kuchitira mwina, anasamukira m'nyumba yaikulu. Anawapatsa chipinda chakumaso, chomwe zenera lake linkayang'ana pakhonde. Anthu atachuluka m'nyumba, abambo anaganiza zotseka khondelo ndi njerwa kuti likhale pabalaza, ndipo pabalaza pakale anadulapo chipinda cha anyamata. Maganizo abwino ndithu. Koma zenera la anganga, lomwe kale linkaona phiri, tsopano linayamba kuona mipando ya sofa ndi TV.

Apa ndi pomwe anzanga a m'tauni amayamba kuseka ndikamawafotokozera. Abambo anga ndi mkamwini. Nyumbayo anamanga okha ndi thukuta lawo, koma ili pamalo a kuchikazi, monga zikhalira kwathu kuno. Ndipo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Akakumana panjira mmodzi amapatuka, moni amapatsana chapatali nkhope zili kumbali. Chikhalireni sindinaonepo abambo ndi anganga akudya pamodzi. Si chidani ayi. Anganga amawatama abambo kwa aliyense, ndipo nkhuku yoyamba kukula imakhala ya iwowo. Ndi ulemu wa mtundu wake, ndipo ine amene ndinawerenga mabuku ku Zomba ndingautsutse pakamwa, koma ndaona kuti anthu awiriwa sanakanganepo chikwatiranireni makolo anga.

Ndiye taganizani: zenera loonekera, mbali iyi mkamwini wakhala pasofa akumvera mpira, mbali inayo apongozi akusintha zovala. Zosatheka. Abambo anazula felemu ya zeneralo n'kukaiika kuchipinda cha anyamata, ndipo pabowopo anakhomerapo pulayiwudi. Nkhani ya ulemu inatha. Chipinda chinasanduka phanga.

Pamsonkhano wa banja Lamulungu lake, aliyense anali ndi nzeru yake. Abambo anati babu ilimo kale, angoyatsa. Zoona ilimo, koma anganga amaithimitsa kukangocha, ati kuyatsa magetsi masana n'kuotcha mayunitsi a mwana wa eni ake. Komanso magetsiwo akathima? Amalume, omwe ndi eni mbumba, anati tichotse lata limodzi tiike loonekera lija. Amayi anakana, poti kwa anansi athu lata lotere linachita chikasu n'kuyamba kudontha pamisomali, ndiponso mwezi wa October chipinda chimasanduka uvuni. Kuboola zenera latsopano kukhoma lakunja kunakanikanso, chifukwa khoma limenelo linamangidwa ndi matope a dothi ndipo Freddy analisiyira mng'alu woyambira pamwamba. Aliyense amene analiyang'ana anati musaligwedeze.

Ine ndinangoti ndikaganize. Ndipo nzeru inandipeza pamalo opanda ulemu, m'chimbudzi cha nyumba ina yakale ya maofesi mu Blantyre, komwe ndinapita kukatenga cheke. Khoma lake linali ndi timabokosi tagalasi tokhuthala, tomangidwa ngati njerwa. Munali mowala bwino popanda babu, koma munthu wodutsa kuseri ankangooneka ngati chithunzithunzi cha m'madzi. Ndinajambula, ndipo usiku womwewo bandulo yanga yonse inathera pa YouTube.

Pa Chingerezi amati glass blocks, ine ndizingoti njerwa zagalasi. Si zachilendo padziko. Katswiri wina wa zomangamanga wa ku Switzerland, Gustave Falconnier, anayamba kupanga njerwa zotere m'zaka za m'ma 1880, ndipo ku Paris kuli nyumba yotchuka, Maison de Verre, yomangidwa pakati pa 1928 ndi 1932, yomwe khoma lake lakumaso ndi lagalasi lokhalokha. Za masiku ano amaumba magawo awiri ngati timbale, n'kuwamata akadali otentha, mkati n'kutsala mphako. Mphakoyo ndi yomwe imachepetsa phokoso ndi kutentha. Zofala kwambiri ndi za masentimita 19 m'litali, 19 m'lifupi ndi 8 kukhuthala, ndipo imodzi imalemera kuposa makilogalamu 2. Zina n'zosalala moti mumaona bwinobwino kuseri, zina zili ndi mafunde mkati omwe amaphwanya chithunzi. Ine zomwe ndinkafuna ndi zamafundezo.

Masamu ake ndi osavuta. Njerwa ya 19 kuphatikiza mpata wa simenti wa sentimita imodzi, ndiye kuti iliyonse imadya masentimita 20. Ndinatuma mchimwene wanga wamng'ono kuti ayeze bowo lija ndi tepi, ndipo anapeza pafupifupi 90 mbali zonse. Njerwa zinayi m'lifupi, zinayi m'mwamba, zonse 16, zikudya masentimita 81, otsalawo n'kudzaza ndi pulasitala. Ndinaganiza zogula 18 kuti ina ikasweka tisalire.

Kuzipeza ku Limbe inali ntchito payokha. Ndikati njerwa zagalasi, wina ankanditulutsira matailosi, wina kalilole. Ndinasiya kulankhula n'kumangoonetsa chithunzi cha pafoni. Sitolo yachisanu ndi yomwe inali nazo, makatoni afumbi ali kuseri kwa masinki. Mtengo wake sindiulemba pano, amayi amawerenga magazini ino. Ndingoti kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja anali atakwera mosaona nkhope. Njerwa 18, thumba laling'ono la simenti yoyera ndi chubu cha silikoni zinadya theka la malipiro anga a mwezi umenewo. Timitanda tapulasitiki tomwe amaika pakati pa njerwa kuti mipata ifanane analibe, ndipo wogulitsayo anali asanationepo.

Mu minibasi kondakitala anafuna kuponya makatoniwo kumbuyo, pansi pa matumba a ufa ndi mabeseni. Ndinawalipirira mpando. Mayi wina amene anakhala pafupi anafunsa kuti muli chiyani, ndipo nditamuuza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ana a sukulu inu," anatero, n'kutembenukira kuwindo.

Amisiri omwe abambo anaitana ndi bambo wachikulire wa m'mudzi woyandikana nafe, amene anamanga theka la nyumba za malata za m'dera lathu. Anatenga njerwa imodzi, kuitembenuza, kuigogoda ndi chikhadabo, kuiyang'anitsa padzuwa. Nditatulutsa foni kuti ndiwaonetse vidiyo, anaikankha pang'onopang'ono ndi kuseri kwa dzanja. "Achemwali, ine ndinayamba kugwira mpeni womangira nthawi ya Kamuzu. Njerwa ndi njerwa."

Ndinakhala chete. Mwana wamkazi wa dzulodzuloli sauza bambo wa imvi kamangidwe pamaso pa anthu, digiri kaya ikhale ya chiyani.

Chinthu chimodzi anachita bwino ndisanachitchule n'komwe. Atachotsa pulayiwudi uja anayamba wagogoda pamwamba pa bowo kuti aone ngati lintala ya zenera lakale ilipo ndipo ndi yolimba. Inalipo. Zimenezi n'zofunika kuposa china chilichonse, chifukwa njerwa zagalasi sizisenza katundu. Zimangodzisenza zokha. Khoma la pamwamba ndi denga ziyenera kukhala pa lintala, apo ayi galasi lija lidzang'aluka tsiku lina muli m'tulo. Ife tinali ndi mwayi woti bowo linalipo kale. Amene akufuna kuboola khoma latsopano, nkhani yake ndi ina, ndipo iyambire pa lintala.

Kenako anakanda matope monga amakandira masiku onse, ofewa bwino, oterera pampeni. Mzere woyamba unakhala. Wachiwiri unakhala. Ali pakati pa wachitatu, mnyamata wawo wopereka matope anati, "Abwana, zikuyenda." Zinkayendadi. Simenti inkatuluka m'mipata ngati phala, njerwa za pansi zikusendera kutsogolo, imodzi itapendekeka ngati dzino logwedera. Amisiri anaigogoda ndi chitsulo cha mpeni kuti ibwerere, ndipo tonse tinamva kuti the! Pakona panachoka kachidutswa. Zinatsala 17.

Chomwe chinachitika n'chakuti njerwa yootcha imamwa madzi. Mukaiika pamatope ofewa imayamwa madziwo nthawi yomweyo, matope n'kugwira, ndipo mutha kupitiriza mizere khumi tsiku limodzi. Galasi silimwa kanthu. Madzi onse amatsala m'matope, ndiye mukasanjikiza zolemera pamwamba, zapansi zimangosambira. Ndinkazidziwa zimenezi kuchokera m'mavidiyo aja, koma ndinaluma lilime. Amisiri anaphwasula zonse, kutsuka njerwa iliyonse mu ndowa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala osalankhula ndi munthu. Patapita nthawi anandikodola. "Chija mumati muonetse chija, tabwera nachoni."

Anaonera vidiyo yonse, ya mzungu wolankhula Chingerezi chothamanga, osafunsa kuti akuti chiyani. Ankangoyang'ana manja. Itatha anati, "Iyi si njerwa. Ndi botolo." Basi, anali atamvetsa kuposa ine.

M'mawa mwake anabwera ndi nzeru zomwe mu vidiyo munalibe. Mchenga wa mumtsinje anausefa kawiri mpaka unatsala wosalala ngati shuga, poti kamwala kamodzi kokha kakatsamira galasi kangathe kuliswa. Anasakaniza ndi simenti yoyera ija, madzi ochepa kwambiri, matope olimba ngati nsima ya anthu a ganyu, oti ukaumba m'manja sakugwa. M'malo mwa timitanda tapulasiki tija anadula silipasi yakale m'tizidutswa tofanana, tokhuthala sentimita imodzi, n'kumatilowetsa m'makona chakunja kuti adzatizule matope akagwira. Pogogoda ankagwiritsa ntchito chigwiriro chamtengo. Njerwa iliyonse ankaiika levulo pamwamba ndi pambali. Pakati pa mizere anagoneka tizitsulo ta mamilimita 6 topaka penti kuti tisachite dzimbiri, nsonga zake zitalowa m'timabowo ta m'khoma, ndipo anaonetsetsa kuti chitsulo chakwiririka m'matope osakhudza galasi. Tsiku limenelo anamanga mizere iwiri yokha n'kusamba m'manja.

Unali mwezi wa July, ndipo chiperoni chinatsika m'phiri usiku womwewo. Amene anakhalako ku Mulanje kapena ku Thyolo akudziwa: kamvula kosaleka, nkhungu mpaka pakhomo, zovala pachingwe masiku atatu osauma. Matope nawo anachedwa kugwira. Tinadikira tsiku lathunthu, ine ndikuwerenga masiku a tchuthi omwe ndinapempha kuntchito, amisiri akungoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkangano wathu womaliza unali wa mpata wapamwamba. Mzere wachinayi utatha panatsala kampata pakati pa njerwa ndi lintala, ndipo iwo ankafuna kukadzaza ndi simenti kuti kagwire zolimba. Malangizo onse omwe ndinawerenga amati ayi. Pamwamba ndi m'mbali pamafunika chinthu chofewa, chifukwa galasi limafutukuka kukatentha mosiyana ndi khoma, ndipo nyumba nayo imasuntha pang'onopang'ono, makamaka yathuyi yomwe ili kale ndi mng'alu. Mukamanga gwa mbali zonse, chomwe chidzagonje ndi galasi. Koma ndiwauze bwanji kachiwiri? Ndinapita kwa amalume kuseri kwa khitchini n'kuwafotokozera. Iwo anabwera ngati akungodutsa, n'kufunsa kuti, "Kodi amisiri, chitseko chija chimakanika kutseka nthawi ya mvula chimatani?" Amisiri anati chimafufuma. "Nanga botolo lanuli likafufuma lipita kuti?" Anaseka onse awiri. Tinadula thovu loyera lomwe linabwera m'makatoni muja n'kulilowetsa pamwamba ndi m'mbali, kenako kumata ndi silikoni. Mpaka lero amisiriwo amauza anthu kuti nzeru ya thovu inali ya amalume, ndipo ine ndilibe nazo mlandu.

Chotsala chinali kuzula tizidutswa ta silipasi, kudzaza mipata, kusalaza ndi chala, ndi kupukuta galasi ndi siponji yonyowa simenti isanaume. Ikaumirapo, kuichotsa kwake n'kokanda galasi. Ntchito yopukutayi ndinagwira ndine, ndipo ndi yokhayo yomwe ndinganene kuti ndinachita ndi manja anga.

Masiku onsewa anganga ankagona kuchipinda cha amayi, abambo atasamukira kwa anyamata, ndipo sanabwere kudzaona ngakhale kamodzi. Uthenga wawo unali umodzi, wodzera mwa amayi: ngati munthu azionekera, mubwezeretse thabwa lija.

Chiperoni chinachoka Lachisanu. Kwathu dzuwa limachedwa kutuluka poti limayamba lakwera phiri, koma likangoti tulukiru limalowa pawindo lalikulu la pabalaza mpaka kukhoma la mkati. Ndinalowa m'chipinda muja cha m'ma 8 ndipo ndinaona zinthu zomwe ndinali ndisanazione chaka chonse: mtundu wa bulangete, ndodo yawo pakona, kangaude pamwamba pa sutikesi. Sikunali kowala ngati panja, ndisakunamizeni. Kunali ngati pansi pa mtengo wa mango masana. Koma beseni pansi ukanaliona.

Anganga analowa atagwira mkono wa amayi. Anaima, kuyang'ana uku ndi uku, osanena kanthu. Kenako anandituma pabalaza. "Ukaime pomwe amakhala bambo ako." Ndinapita. "Ukundiona?" Ndinati ndikuona chinthu chakuda chikugwedezeka. "Mpango ndavala kapena ndavula?" Ndinayang'anitsitsa, kusendera pafupi, koma sindinathe kudziwa. Ndinangoponya kuti avala. Ndinamva kuseka kwawo kudzera kukhomo, poti pagalasipo mawu sadutsa bwino. Anali atavula.

Si zonse zomwe zinayenda monga ndinkaganizira. Usiku woyamba magetsi anathima, anganga anayatsa tochi m'chipinda, pabalaza pali mdima, ndipo chithunzithunzi chawo chinaoneka pagalasi chachikulu ngati cha pakanema. Abambo anadzuka n'kutuluka panja mwakachetechete. M'mawa amayi anakhoma misomali iwiri mkati n'kupachika chitenje chomwe amachitsitsa dzuwa likalowa. Mbali yomwe kuli kuwala ndi yomwe imaonekera, zimenezi sindinaziganizire. Chinanso, njerwazi sizilowetsa mpweya. Chipinda cha anganga chimapuma ndi timabowo tiwiri ta pamwamba pa khoma lakunja, ndipo tinachita kutitsegula poti mavu anali atamangamo. Mwezi wa October chitseko chimayenera kukhala chotsegula.

Amalume nawo sanandisiye. Tsiku lomwe ndinkabwerera anandiperekeza kumsewu, ndipo tili m'njira anati ntchito ndi yokongola, koma vuto la mayi awo lili m'maso, si m'khoma. Ndalama imeneyo ikanakwana thiransipoti ndi kamba wopita nawo kuchipatala cha maso cha Lions ku Queens, komwe ng'ala amachotsa tsiku ndi tsiku. Sindinawayankhe chifukwa akunena zoona. Chomwe chilipo n'chakuti anganga akukana. Ati maso awo asawayandikize mpeni, anabadwa nawo adzapita nawo. Takhala tikuwanyengerera chaka ndi miyezi, ndipo mwezi watha anafunsa amayi kuti kodi opaleshoniyo munthu amagona masiku angati. Amayi anandiimbira usiku womwewo ngati tawina mpikisano.

Khoma lathu ndi lokhuthala masentimita 23 ndipo njerwa zagalasi ndi 8 okha. Amisiri anazimangira chakumbali ya pabalaza, ndiye mkati munatsala kashelefu. Anganga anaikapo botolo la mafuta odzola, mankhwala awo a BP ndi kachitini ka singano. Njerwa yotsala ija, ya nambala 17, amatsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo, ndipo yobenthuka ija amisiri anapempha kuti azikaonetsa makasitomala.

Ulendo wapitawu ndinagona pamphasa m'chipinda mwawo. M'mawa, chitenje atachikweza kale, ndinaona chithunzithunzi chachitali chikudutsa kuseri kwa galasi, chipewa kumutu. Chinaima. Chinawerama pang'ono, ndipo ndinamva kuomba m'manja kawiri, chapansipansi.

"Mwadzuka bwanji amayi?"

Kale moni umenewu unkadzera mwa amayi anga kukhitchini. Anganga anakonza mpango wawo, ngakhale palibe akanawaona, n'kutembenuzira nkhope kukhoma lina.

"Ndadzuka bambo, kaya inu. Njinga ija mwaipopa? Dzulo imalira."